Mchenja wabodza pamanda a amayi anu

Misozi ndi iwe Dalitso, mwandifunsa kangapo chimene chinandipititsa kwa abale a amayi anu kukapempha kuti ndikadzafa adzandiike ku manda kwawo ku Vubwi, pomwe kwathu ku Sinda manda alipo ndipo makolo anga agona konko. Dalitso unachita kunena pamaso panga kuti ndi ukalamba. Si ukalamba, mwana iwe, mutu wanga ukadali bwino. Pali ntchito imene ndikufuna mudzandigwirire tsiku limenelo, ndipo simungaigwire musanadziwe za mtengo umodzi umene unadya zaka zambiri za moyo wanga. Za ubwana wanga sindilemba, mulibe kanthu koma mbuzi ndi zilonda za m'miyendo. Ndiyambira pa ntchito.

Ku Sinda, chaka chimene ndinalembedwa ntchito

Ndinalowa ntchito ya zankhalango ndevu zisanamere bwino, ndipo ananditumiza ku nazale ya ku Sinda pansi pa a Daka. A Daka anali munthu wamfupi wa mawu aakulu, wovala jombo ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tsiku loyamba anandiimika pakati pa mbande n'kundifunsa kuti, "Mwale, kusukulu anakuphunzitsa mayina angati a mitengo?" Ine ndinayamba kutchula monyada, mlombwa, mbawa, msuku, mpaka iwo anandidula pakamwa. "Leka phokoso. Mitengo ilipo mitundu itatu basi. Ulipo wa matabwa, ulipo wa makala, ulipo wachabechabe. Wa matabwa uulonda, wa makala uthamangitsapo anthu, wachabechabe usautayire nthawi." Ndinaseka poyesa kuti akucheza, koma umo ndi mmene tinagwirira ntchito zaka zonse zimene ndinakhala nawo. Zipangizo kunalibe. Machubu obzalamo mbande akatha tinkatola mapepala a shuga ndi zitini kumsika. Njinga inali imodzi ya tonse, tayala lakumbuyo lodzaza udzu chifukwa chubu chinatha kumatidwa. Yunifolomu ndinalandira kamodzi, ndipo inali ya munthu wamtali kuposa ine. Tinkabzala bulugamu ndi malaina m'mizere yowongoka, pomwe mitengo ya makolo inkatsika mumsewu waukulu m'matumba a makala, ulendo wa ku Lusaka. Ukamugwira wootcha makala, upeza ndi mayi wamasiye kapena munthu amene mumapemphera naye. Ndinaphunzira msanga kuti ntchito yathu inali yokangana ndi njala ya anthu, ndipo njala ndiyo inkapambana.

Ku Vubwi, zaka za ukwati ndi za Tiyese

Nthawi imeneyo Vubwi inali isanakhale boma payokha. Munthu wotumizidwa kumeneko anzake ankamufunsa kuti walakwa chiyani. Ine sindinalakwe kanthu, ndinali wosakwatira basi, ndiye anati alibe katundu wovuta kunyamula. Ndinapeza anthu olima ku Mozambiki, ogulitsa ku Malawi, ogona ku Zambia, ndipo malire ankawadziwa ndi a boma okha. Kumeneko ndinakumana ndi amayi anu, Esinati, akugulitsa mtedza. Ndinawafunsa ngati mtedzawo unali wouma bwino, iwo anati, "Mano muli nawo, lumani." Lilime limenelo anakhala nalo mpaka tsiku lomaliza. Ndinalowa chikamwini m'mudzi mwawo, pansi pa phiri lamwala lija mumalidziwa, ndipo mwini mbumba anali malume awo, a Gelesomu Banda, munthu wofatsa wosoka mphasa. Mwana wathu woyamba anali Tiyese, mkulu wanu amene simunamuone. Anali atangoyamba kulankhula pamene malungo anamugwira pakati pa dzinja. Mtsinje unadzaza, kuchipatala sitinafike, ndipo anatisiya ali kumsana kwa amake titaima pagombe. Tinamuika ku manda a mudziwo, m'nkhalango yowirira ija ili pakati pa minda. Tsiku limenelo sindinayang'ane m'mwamba ngakhale kamodzi, maso anga anali m'dzenje. Amayi anu ndinapitiriza kuwaitana amake Tiyese moyo wawo wonse, ndipo iwo sanandiletse.

Chaka chimene Dalitso anabadwa

Chaka chimenecho kunabwera galimoto yochokera ku Lusaka, mutatsika mayi wamtali wovala buluku ndi chipewa chansalu. Anali Mayi Chilala, katswiri wa mitengo, ndipo a ku likulu anati ndiwaperekeze kulikonse kumene afuna. Anthu ankawatcha adokotala a mitengo, ena mpaka anabwera nawo ana odwala. Ankalankhula Chinyanja cha m'tauni, koma phiri ankakwera kuposa ine. Tili pamwamba, pamene mwala unang'ambika n'kusunga dothi pang'ono, anaima pansi pa mtengo wa khungwa lakuda nati, "A Mwale, uyu ni mtengo bwanji?" Ndinati, "Anthu kuno amati mchenja wabodza, mayi. Umaoneka ngati mchenja koma subala. Nkhuni zake zimathetheka, makala ake ndi phulusa lokhalokha. Ndi wachabechabe." Iwo anathyola tsamba n'kulitembenuza. Kunsi kwake kunali ubweya wofiirira ngati dzimbiri la pa khasu lakale, pomwe mchenja weniweni tsamba lake n'losalala mbali zonse. Kenaka anati, "Mwanipatsa nchito, a Mwale." Tikupuma anandiuza kuti anakaphunzira kutsidya kwa nyanja, kumene anzawo amapeza pa zilumba mitengo imene kulibe kwina kulikonse padziko. Ine nyanja sindinaionepo, ndiye ndinangovomera. Iwo analoza pansi nati phiri limenelo nalonso ndi chilumba, minda ya chimanga ndiyo madzi ake, ndipo mtengo wotsala pamwamba ulibe kothawira.

Anandiphunzitsa ntchito imene a Daka akanaitcha masewera. Kuthyola kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa, kukagoneka pakati pa nyuzipepala, kupanikiza ndi matabwa awiri, kumanga ndi mphira, ndi kusintha mapepala kawirikawiri kuti nkhungu isalowe. Nyuzipepala zitatha tinagwiritsa ntchito mapepala a matumba a simenti. Anati m'mabuku mwawo mitengo ili ndi mafuko ndi mabanja ngati ife, ndipo kuti mtengo upatsidwe dzina ayenera kuufananitsa ndi abale ake onse amene anaumitsidwa kale. "Tsamba limanama," anatero. "Mtengo wokulira pamwala ungasinthe tsamba. Koma duwa na chipatso sivinama." Vuto linali lakuti mchenja uli ngati papaya, ulipo wamwamuna ndi wamkazi, ndipo yonse ya paphiripo inali yaimuna. Ankafuna chipatso, makamaka kachipewa kamene kamagwira chipatsocho ku nthambi, chifukwa m'banja la mchenja kachipewako ndiko kamasiyanitsa mitundu. Popanda chipatso sakanatha kulemba kuti mtengowo ndi watsopano, ndipo mtengo wopanda dzina m'mabuku boma silingauteteze. Anabwerera ku Lusaka n'kundisiyira ntchito yofuna wamkazi. Matabwa aja ndinkawaumitsa pa nsanja ya m'khitchini, pamalo pamene amayi anu ankasungira mbewu ya chimanga. Tsiku lina anaima pakhomo manja ali m'chiuno nati, "Atate ake Tiyese, mukanangondiuza kuti mwatenga mkazi wachiwiri. Loweruka muli kwa iye, Sabata muli kwa iye, tsopano wandilanda ndi khitchini." Kuyambira pamenepo mtengowo unakhala mkazi mnzawo, ndipo ndikabwera kuphiri ankandifunsa kuti, "Wadzuka bwanji mnzanga?"

Zaka za matenda

Tisanatsike phiri ulendo woyamba uja tinakhomera tizitsulo towala ta manambala pa mitengoyo, kuti tizidziwa uwu ndi uti. Palibe wa ife amene anaganiza kuti tizitsulo tingaphe mtengo. Koma zinali zaka zija za matenda owondetsa anthu, pamene mankhwala anali asanafike kumidzi ndipo makasu a adzukulu sankachita dzimbiri. Mbiri inabuka yakuti adokotala a ku Lusaka apeza mankhwala paphiri, awaika chizindikiro, ndipo akufuna kuwabisa. Anthu anabwera ndi zikwanje ndi matumba, ena ochokera ku Malawi, ena ku Mozambiki. Ndinalankhula kutchalitchi, ndinalankhula kumsika, kuti khungwalo si mankhwala, koma kukana kwangako ndiko kunawatsimikizira. Ndinkakwera phiri m'mamawa kukalonda, munthu mmodzi phiri lonse. Tsiku lina ndinapeza mayi wachikulire akusenda khungwa ndi mpeni wa kukhitchini. Ndinakalipa kuti, "Amayi, mukudziwa kuti ndingakumangitseni?" Sanatembenuke n'komwe. Anati, "Ndimangeni, a folesiti. Awiri ndaika kale, wachitatu wagona m'nyumba." Ndikanatani? Ndinaima pamenepo ngati chitsa mpaka anadzaza kathumba kake. Mtengo ukausenda kuzungulira thunthu lonse umafa uli chiimire, ndipo mvula itabwera palibe umene unaphuka. Mayi Chilala atabweranso anakwera, anaona, n'kukhala pamwala. Kenaka anayamba kuzula tizitsulo tija ndi manja, chala mpaka magazi. Sindinawaletse. Odwala aja nawonso sanachire, tinawaika onse.

Chaka chotsatira anamwalira apongozi anga, agogo anu. Tili ku manda, adzukulu akukwirira, mphepo inagwetsa tsamba pa nsapato yanga. Linagwa chagada, ndipo kunsi kwake kunali dzimbiri. Ndinakweza maso. Mayo ine! Mtengo waukulu wa khungwa lakuda unali utaima kumutu kwa manda a Tiyese, mbali imodzi yopserera ndi moto wa lupsa, ndipo m'nthambi munali tizipewa touma ta zipatso za chaka chapita, totalikira, tosafikika. Wamkazi uja ndinamufuna m'mapiri onse mpaka nsapato kutha anali akuchita mthunzi pa mwana wanga. Maliro atatha ndinapita kwa a Gelesomu, ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse. Iwo anamvetsera akusoka mphasa yawo, kenaka anati, "Akamwini, ndamva, ndipo sindikukuyesani wamisala. Koma ku manda salowa ngati ku dimba. Timalowako ndi maliro, timatulukako manja ali chabe. Wopezeka kumeneko tsiku wamba mukudziwa dzina limene amamupatsa. Inu ndinu mlendo, adzakutenthereni nyumba, ndipo ine sindidzatha kukuikirani kumbuyo. Komanso taganizani, anthu akamva kuti ulipo wina wotsala, adzasiya khungwa chifukwa uli ku manda?" Mkamwini asamakule mwendo, ndipo apa malume ananena zoona. Mayi Chilala nditawauza anati iwo sangabe m'manda a anthu, adikira. Tinagwirizana kuti pasakhale kachitsulo, pasakhale wina wodziwa.

Apa ndi pamene panayambira zaka zimene ndimadana nazo. Mchenja umapsa zipatso nyengo yozizira, ndipo uwu sunkabala chaka chilichonse. Njira yanga yokha youonera inali maliro. Maliro analipo ambiri, koma ena ankagwa m'dzinja, ena m'chilimwe, ndipo akagwa mu Juni mtengo unali wopanda kanthu. Anthu akuimba, akuwerama, ine khosi lili m'mwamba. Ndikamva kulira m'mudzi, mtima usanafunse kuti wapita ndani unkayamba wafunsa kuti uno ndi mwezi wanji. Chinthu chimenecho chinkandinyansa, koma sichinkachoka. Amayi anu anandiona. Tikuchokera kuika msuweni wawo anandikoka dzanja panjira nati, "Anthu akuona, atate ake Tiyese. Ku manda amayang'ana pansi. Mkazi wanuyo muzimuyang'ana ndi diso limodzi." Sanauze munthu aliyense za mtengowo, ngakhale alongo awo.

Ku Katete, chaka chimene Misozi anakwatiwa

Anandisamutsira ku ofesi ya ku Katete nditatsala pang'ono kupuma ntchito. Anandipatsa tebulo ndi chidindo, ntchito yanga kudinda zilolezo za matabwa. Bwana wanga anali wamng'ono kwa ine, waulemu, koma za mchenja wabodza nditamuuza anangoti, "Mudala, ivo ni va ma yunivesite." Chaka chimenecho amayi anu anayamba kutupa miyendo ndi kupuma movutika. Kuchipatala anati ndi mtima. Mukukumbukira, Misozi ndiwe unkawasambitsa. Masana ena titakhala pakhonde, iwo atafunda bulangete ngakhale dzuwa linalipo, anandiitana. "Atate ake Tiyese, mundimvere. Mukanditengere kwathu, ndipo mukandigoneke pafupi ndi mwana wanga, osati patali. Wakhala yekha nthawi yaitali, ndipo ankaopa kugona yekha." Ndinati asalankhule zotero. Iwo anaseka, kuseka kosanduka chifuwa, nati, "Musade nkhawa, mkazi mnzangayo ndikamuyang'anira. Tikakhala mitala yabwino." Ndinawalonjeza. Anatisiya kumayambiriro kwa Julaye, kukuzizira, ndipo tinawanyamula pa lole kupita nawo ku Vubwi.

M'mawa wa tsiku loika ndinali m'nyumba ya siwa pamene a Gelesomu, okalamba tsopano, oyenda ndi ndodo, anandikodola. "Akamwini, tiyeni ku manda. Adzukulu aima." Mwamuna wa malemu sapita kokumba, ndiye ndinadziwa kuti pali vuto. Titalowa m'nkhalangomo ndinamva fungo lotsekemera, ndipo pansi panali zipatso mbwee, zachikasu, chilichonse ndi kachipewa kake. Mtengo unali utabala kuposa kale lonse. Zimene ndinadikira zaka zonse zija zinandipeza tsiku limenelo, ndipo ndinalakalaka ndikanakhala wakhungu. Adzukulu anali atakumba pafupi ndi Tiyese monga ndinapempha, mpaka m'chiuno, ndipo pamenepo anakumana ndi muzu wonenepa ngati ntchafu ya munthu, wopingasa dzenje lonse pamene bokosi linayenera kugona. Mkulu wa adzukulu anali a Lungu, nkhalamba ya nthabwala monga amachitira adzukulu pamaliro, koma tsiku limenelo anandiyang'ana osaseka. A Gelesomu anati, "Ine ndikudziwa chimene mtengo uwu uli kwa inu, n'chifukwa chake sindinalole kuti adule musanaone. Mbali zina za mwanayu n'zodzaza, agona agogo ake ndi azakhali ake. Mukafuna, tikwirira thunthu la nthochi m'dzenje lino monga mwa mwambo, tikakumbe kumapeto uko kuli malo. Palibe adzakunenani. Nenani inu."

Ndinatsikira m'dzenjemo n'kuugwira muzuwo. Ndine wa zankhalango, sindikanadzinamiza. Mbali yopserera ija mizu yake inafa kale, ndipo mtengo wonse unkamwera muzu umodzi umenewu. Kuudula kunali kuupha, ndipo wina wamtundu wake sindinkaudziwa pansi pano. Ndinayang'ana kumapeto kumene malume analoza, kutchire, pafupi ndi munda wa thonje, kutali ndi kamulu ka Tiyese. Ndinaganiza za Mayi Chilala ndi chala chawo cha magazi. Ndinaganiza za amayi anu amene ananyamula Tiyese wakufa kumsana kuchokera kumtsinje mpaka kumudzi osalola kuti ndimulandire. Mtengo sindinaulonjeze kanthu, koma amayi anu ndinawalonjeza pakhonde. Ndinatuluka m'dzenje n'kunena kuti, "Dulani." A Lungu anafunsa kuti, "Mwatsimikiza, a folesiti? Nkhwangwa ilibe pepani." Ndinati adule. Nkhwangwa iliyonse ikagwa mtengo unkanjenjemera, zipatso n'kumagwera m'dzenje ngati matalala. Ndinaima mpaka muzu unaduka, ndipo mkati mwake munali mwachikasu, monyowa. Sindinalire pamenepo, misozi inabwera pambuyo.

Pochotsa zipatso m'dzenje, chifukwa munthu sagona pa zinyalala, a Lungu anatola kanthambi kamene kanathyoka ndi masamba ndi zipatso zake. Anabwera kwa ine n'kukalowetsa m'thumba la jekete langa, anthu onse akuona. Ndinati, "A Lungu, ku manda satulutsako kanthu." Iwo anati, "Inu simunatenge. Ndatenga ndine, ndipo mdzukulu pamaliro angagwire nkhuku ya mwini wake popanda mlandu. Zaka zonsezi mumayesa sitikuonani? Khosi lanu linatsala pang'ono kuthyoka. Tengani, mutipumitse." A Gelesomu anayang'ana kumbali ngati sanamve. Amayi anu tinawaika masana, phewa ndi phewa ndi mwana wawo, ine kanthambi kali m'thumba. Tsiku lotsatira ndinakapanikiza pakati pa matabwa aja, ndipo zipatso zina ndinaziika m'botolo la kachasu monga anandiphunzitsira, kuti zisaole.

Nditapuma ntchito

Mayi Chilala anabwera okha ku Katete kudzatenga kanthambi kaja, tsitsi lawo litachita imvi. Anayamba apepesa maliro, atakhala pamphasa ngati munthu wakwathu. Kenaka anayang'ana kachipewa kaja ndi galasi lawo lokulitsa zinthu. Nditawauza za muzu anati, "Nikanakhala ine, sinidziwa." Sanandiweruze, ndipo ine sindinapepese. Mbewu tinayesa kufesa. Ndinasefa dothi, ndinathirira, ndinachita zonse zimene ndinaphunzira ku nazale ya a Daka, koma palibe inamera. Titaswa zotsala tinapeza mkati mulibe kanthu, mopanda mtima. Amuna ake onse anali atafa paphiri, ndiye mtengo unkabala zipatso zopanda ana. Pa maliro a a Gelesomu, mvula ziwiri zitadutsa, ndinaupeza utauma kuyambira kunsonga mpaka pansi, khungwa likugwa lokha. Uli chiimire mpaka lero, chifukwa ku manda satola nkhuni. Ndinaima pamenepo n'kulankhula ndi amayi anu mumtima kuti, amake Tiyese, nsanje yanu ndaiona, simunalole kuti mnzanu atsale ndi ine.

Dzina linatuluka patapita zaka, chifukwa ntchito yofananitsa ndi yaitali. Misozi unandionetsa pa foni chithunzi cha pepala loyera, kanthambi kaja katamatidwapo, masamba atatembenuzidwa kuti dzimbiri lioneke. Dzinalo ndi la Chilatini, lilime langa limakana, koma mkati mwake muli dzina la phiri lija. Anapeza kuti ndi wa banja la mchenja ndithu, koma mtundu wakewake umene sunalembedwepo. Pansi pake analemba kuti palibe wamoyo umene ukudziwika. Ndiye mtengo unalowa m'mabuku uli wakufa, ngati mwana wopatsidwa dzina pa tsiku loika. Anzanga akale a ntchito anandiyamikira, ine ndinangoti zikomo. Ndinkaganiza za a Daka ndi mitundu yawo itatu ija, kuti mtengowu unakhala mwamtendere nthawi yonse imene unali wachabechabe. Koma za muzu sindinasinthe maganizo. Mutandibwezera m'dzenje lija lero, ndinganenenso kuti dulani, ndipo zingandiwawenso chimodzimodzi.

Chaka chatha a Lungu anabwera ku Katete kudzaonetsa maso awo kuchipatala, ndipo tinakumana pa siteshoni ya minibasi. Atandipatsa moni anandikokera pambali nati, "A folesiti, tinali ku manda mwezi watha. Kumiyendo kwa akazi anu, pamene panatsalira chidutswa cha muzu uja, patuluka mphukira. Yafika m'bondo." Ndinawagwira malaya. "Tsamba lake kunsi n'lotani?" Iwo anati, "Aaa, ine maso ndi awa ndabwera nawo kuchipatala. Ndinaona chobiriwira basi." Mchenja umatha kuphuka kuchokera ku muzu woduka, zimenezo ndikuzidziwa. Koma m'nkhalango imeneyo mulinso michenja wamba, ndipo mbalame zimataya mbewu paliponse. Ingakhale iyo, ingakhale ina. Kukaona sindingathe popanda maliro, ndipo ndakana kuyambiranso kumvetsera kulira kwa anthu ndi khutu la chiyembekezo. Zaka zija zinandikwana. Miyendo nayo yayamba kutupa ngati ya amayi anu, ndipo adokotala sanandibisire.

N'chifukwa chake ndinapita kwa abale a amayi anu ndi nkhuku m'manja, mkamwini wopempha malo pakati pa eni ake. Anakambirana, ndipo anavomera. Pafupi ndi amayi anu malo palibe, ndipo ndawauza kale a Lungu ndi anzawo kuti asayerekeze kukumba pamenepo. Andiike kumapeto kuja, pafupi ndi munda wa thonje, kumene kulibe muzu woti adule. Ine sindiopa kugona ndekha. Chimene ndikufuna n'chakuti chipata cha manda chidzatseguke, inu mulowe mwa chilolezo.

Tsiku limenelo anthu adzakhala akuyang'ana dzenje langa. Lira, Misozi, usadziletse. Koma iwe Dalitso, amene unati ndi ukalamba, adzukulu akamakwirira udzapatuke pang'ono, upite kumiyendo kwa amayi ako, ugwade ngati ukuwapatsa moni. Usathyole kanthu, usakhome kanthu, usajambule. Udzangotembenuza tsamba limodzi. Likadzakhala losalala, dzuka uzipita, nkhani yatha. Likadzakhala ndi dzimbiri, uwazire dothi patsinde pake, uuze Mayi Chilala okha ngati adzakhale ali moyo, ndipo wina aliyense akadzakufunsa kuti ndi mtengo wanji, udzamuyankhe kuti ndi wachabechabe.